Mnzanga wapita ku DRC: banja lake tilithandize motani?

Bambo Chisale, Mpondasi:
Moni nonse akuluakulu a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene ndikufuna mundiunikire, makamaka inu amene munakhalapo ndi wachibale ku usilikali. Mnzanga amene tinakulira limodzi kuno ku Mangochi ndi msilikali wa ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo mwezi watha ananyamuka ndi anzake kupita ku DRC kukagwira ntchito yosungitsa mtendere, komwe akuyembekezeka kukhala pafupifupi chaka chathunthu. Alamu anga, akazi a mnzangayo, ndi oyembekezera, choncho anagwirizana kuti abwerere kuno kwawo adzakhale pafupi ndi mayi awo, amene nawonso ndi okalamba ndipo miyendo imawavuta. Ali ndi ana awiri, mnyamata wa Sitandade 7 ndi kamtsikana kamene sikanayambe sukulu. Potsanzikana, mnzangayo anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, muziwaona anawo." Mawuwo ndi ochepa koma akundilemera, chifukwa sindikufuna kukhala munthu wovomera pakamwa pokha, komanso sindikufuna kulowerera m'banja la eni mopitirira malire. Kodi munthu amene si mbale wamagazi angachite chiyani chothandizadi, mvula ili pafupi chonchi?

Bambo Kalua, Mangochi Boma:
Bambo Chisale, mtima wanu ndi wabwino, koma mundilole ndilankhule zimene ambiri akuganiza ngakhale sakulemba. Msilikali akapita ku mishoni malipiro ake a mwezi ndi mwezi saima, ndipo pamwamba pake pamakhala ndalama zina za ntchito yakunjayo. Tonse taona anyamata akubwerako n'kugula galimoto kapena kumaliza nyumba imene inaima zaka zambiri. Kuno kwathu kuli amayi amene amuna awo anapita ku Joni kalekale ndipo satumiza ngakhale ya sopo, kulinso amasiye amene akugona ndi njala. Kodi banja la msilikali ndi limene likufunika thandizo lathu kuposa amenewa?

Mayi Nambewe, Koche:
Bambo Kalua, funso lanu ndalimva, ndipo ndiliyankha monga mkazi wa msilikali amene anadutsamo. Amuna anga anali kum'mawa kwa DRC ku Beni m'chaka cha 2018. Ndi zoona kuti malipiro ankalowa ku banki mwezi uliwonse, ndipo sindinagonepo ndi njala. Koma maganizo amene mwalembawa ndi amene anandibweretsera mavuto ambiri, chifukwa aliyense ankaona ngati m'nyumba mwanga muli madola. Achibale a mbali zonse ziwiri ankabwera ndi mavuto awo, wina fizi, wina feteleza, wina chindapusa cha kwa amfumu, ndipo ndikanena kuti ndilibe, mawa lake kunkamveka kuti ndikudya ndekha thukuta la mwana wawo. Waganyu amene ankalimira mnansi wanga pa mtengo wina, kwa ine ankatchula mtengo wokwera. Ndalama zimene anthu amaziona msilikali akabwera, ife kunyumba tinadzaziona atabwera, osati ali komweko.

Koma chimene ndikufuna kuti Bambo Chisale amve si cha ndalama ayi. Mu Novembala chaka chimenecho, asilikali 6 a dziko lino anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi Beni, ndipo nkhaniyo inafika m'mafoni a anthu mayina asanatchulidwe. Ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba pamene ndinaona amayi ena akulowa pabwalo mmodzimmodzi, n'kukhala pamphasa osanena kanthu, akungondiyang'ana kumaso. Mmodzi anafunsa chapansipansi kuti, "Mwamvako chilichonse?" Foni ya amuna anga sinkapezeka. Mwana wanga wamkulu anabwera kuchokera kusukulu akulira, chifukwa mnzake anamuuza kuti asilikali onse a ku Congo atha. Amayi aja sanabwere ndi mtima woipa, koma anandikhazika pamaliro a munthu wamoyo. Amene anandithandiza ndi banja lina la mumpingo mwathu. Mayiwo anatenga ana n'kukawadyetsa kwawo, pamene bambowo anapempha amayi aja mwaulemu kuti abwerere m'makwawo popeza panalibe uthenga umene unafika, kenako anaimba foni ku barakisi n'kundipatsira kuti ndimve ndi makutu anga. Banja limeneli silinandipatsepo ndalama chaka chonsecho, koma ndikamawerenga anthu amene anandisunga ndimayambira iwo. Linkabwera Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, kukhale nkhani kusakhale nkhani, moti ine ndi ana tinkadziwa kuti tsiku limenelo tili ndi alendo.

Bambo Phiri, Monkey Bay:
Ine ndinapuma pa ntchito ya usilikali, ndipo zimene anena Mayi Nambewe ndikuzitsimikizira. Ndiwonjezere zochepa kuti Bambo Chisale adziwe poima anthu akayamba kulankhula. Asilikali athu akhala akupita kum'mawa kwa DRC kuyambira 2013, pamene bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu lapadera pansi pa ntchito yake yosungitsa mtendere m'dzikolo yotchedwa MONUSCO, lopangidwa ndi asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, limene linapatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga maso ndi maso osati kungoyang'anira chabe. Kumapeto kwa 2023 mayiko a SADC anatumizanso gulu lawo m'dera la Goma, ndipo kumeneko ndi kumene asilikali athu atatu anafera mu Januwale 2025, nthawi imene zigawenga za M23 zinkalanda mzindawo. Ntchito ya SADC ija inathetsedwa chaka chomwecho. Ndikufotokoza izi chifukwa anthu akamva pa wailesi kuti ku Congo kwavuta amaganiza kuti ndi mudzi umodzi. Goma ndi Beni zili m'chigawo chimodzi cha North Kivu, koma pakati pake pali mtunda woposa makilomita 200, ndipo dziko la DRC ndi lalikulu pafupifupi maulendo 20 kuposa Malawi. Choncho dziwani dzina la dera limene mnzanu ali, kuti alamu anu asamathe nzeru ndi nkhani iliyonse yotchula Congo.

Chachiwiri ndi foni. Msilikali akatuluka mu kampu kupita kutchire amatha masiku osapezeka, mwina chifukwa kulibe netiweki, mwina chifukwa cha malamulo a ntchito. Kusayankha kwake sikutanthauza kuti kwagwa zovuta, ndipo sikutanthauzanso kuti wapeza wina kumeneko, monga ena amafulumira kunong'oneza akazi athu. Ubwino wake ndi wakuti nthawi ya kum'mawa kwa DRC ndi yofanana ndi yathu, choncho akakhala mu kampu n'zotheka kugwirizana ola loimbirana, ana asanagone. Ngati, Mulungu aletse, kutachitika choipa, uthenga umabwera kudzera kwa akuluakulu a ku barakisi, osati pa Facebook. Inu mukaona chithunzi kapena mndandanda wa mayina ukuzungulira m'magulu, musautumize kwa alamu anu powafunsa ngati ndi zoona. Imbani ku barakisi poyamba.

Ndichenjezenso za akuba a pa foni. Wina akhoza kuimba n'kunena kuti ndi mnzake wa bambo a m'nyumba, kuti avulala ndipo pakufunika ndalama mwamsanga, kapena kuti atumiza katundu amene akufunika kuomboledwa. Msilikali akavulala pa ntchito amathandizidwa ndi achipatala a komweko, banja silifunsidwa kutumiza ndalama pa foni. Muwauze alamu anu ndi mayi awo zimenezi lero, foni yotere isanabwere.

Che Amidu, Namwera:
Ife a ku Mangochi nkhani ya mwamuna kukhala kutali si yachilendo, chifukwa palibe mudzi umene ulibe mnyamata ku Joni. Chimene taphunzira kumeneko ndi chakuti mabanja ambiri satha chifukwa cha njala, amatha chifukwa cha malilime. Munthu amangoona njinga yanu itatsamira pa mtengo wa mango wa pakhomopo madzulo awiri otsatizana, usiku womwewo uthenga wapita kwa mwini nyumba kuti mnzako uja wakulowa m'malo. Mwamuna amene ali kutali, wotopa ndiponso wamantha, amakhulupirira msanga. Choncho Bambo Chisale, musanachite chilichonse, mutenge akazi anu mupite masana mukakhale pansi ndi mayi a alamu anuwo pamodzi ndi atsibweni awo, muwauze mawu amene mnzanu anakusiyirani. Ankhoswe a banjalo nawonso adziwe. Mukamapita kukacheza muzipita ndi akazi anu, muzikhala pabwalo, ndipo dzuwa likamalowa muzikhala mutatsanzika. Zimenezi si kukukayikirani ayi, koma ndi kuteteza dzina la mayi amene sangathe kudziteteza pakamwa pa anthu.

Abiti Jafali, Malindi:
Che Amidu anena zoona, ndipo sindikutsutsa kupita kwa atsibweni. Koma ndaonanso mbali ina imene abambo simuiona. Chifukwa choopa malilime omwewo, anzake a mwamuna amangothawiratu, moti mayi amatha chaka chonse wopanda womukonzera chitseko chimene chaguluka, ndipo akazi a anzakewo nawonso amamutalikira poopa kuti awalanda amuna. Mayi uja amasanduka ngati wodwala nthenda yopatsirana, chonsecho sanalakwe kanthu. Ndiye kusamala kukhalepo, koma kusakhale chifukwa chosapitira.

Chinanso, tonse pano tikukambirana za mayi ameneyu ngati mwana, pamene iye ndiye mutu wa nyumbayo panopa. Bambo Chisale, kodi mwawafunsa alamu anu chimene chikuwasowetsa tulo? Mukhoza kuwagulira thumba la chimanga pamene nkhokwe ya mayi awo ndi yodzaza, chimene akufuna n'kukhala munthu woperekeza mwana kuchigayo. Ndipo musafunse kuti, "Pali vuto lililonse?" chifukwa mayi waulemu adzayankha kuti, "Ayi, tili bwino," ngakhale denga likudontha. Akazi anu afunse chinthu chimodzichimodzi: ngati munda wagalauzidwa, ngati mbewu ndi feteleza zagulidwa mitengo isanakwere, ngati khitchini yafoleredwa, ndiponso amene amawatungira madzi ku mjigo masiku ano pamene mimba yakula.

Za mimbazi ndiye ndilankhule monga mayi. Tsiku lochira silisankha ola, ndipo nthawi zambiri matenda amayamba usiku. Pakhale chikwama chokonzeratu chimene muli zitenje zochapa bwino, pepala la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, sopo, tochi ndi buku la kusikelo, ndipo beseni likhale pambali pake. Agwirizane msanga za amene adzawadikirire kuchipatala, popeza mayi awo ndi miyendo imeneyo sangathe kugona pansi kapena kuyenda ndi mapoto kukaphika, komanso za amene adzatsale ndi ana awiriwo. Mayendedwe ausiku akonzedwe panopa, osati tsikulo. Apa ndi pamene mwamuna amasowedwa kwambiri, ndipo apa ndi pamene mnzake weniweni amaonekera.

Bambo Kalua, Mangochi Boma:
Mayi Nambewe, zimene mwafotokoza zandikhudza, ndipo ndamva kuti thandizo limene likukambidwa pano si la ndalama. Komabe pali munthu mmodzi amene nonse simunamutchule. Msilikaliyu ali ndi mayi ake omubereka. Kawirikawiri maso onse amapita kwa mkazi ndi ana, pamene mayi wokalamba ali kumudzi wopanda foni yamakono, akungomva za nkhondo kwa anthu odutsa. Mwana akapeza mpata woimba amaimbira mkazi wake, mayiwo n'kutha miyezi osamva mawu ake. Zina mwa zokangana za ndalama zimene mwanenazi zimayambira pamenepa, chifukwa mayi amene sakuuzidwa kanthu amayamba kuganiza kuti mpongozi wake akumubisira zonse.

Mayi Nambewe, Koche:
Apa mwalasa, Bambo Kalua. Apongozi anga anasiya kundikayikira pamene ndinayamba kupita ndi ana kwawo kumapeto kwa mwezi, n'kuwapatsa foni kuti alankhule ndi mwana wawo popanda ine pafupi. Gawo lawo la ndalama amuna anga analitchula okha pamaso pa ankhoswe asananyamuke, choncho sindinkaoneka ngati ndine wogawa. Ngati mnzanu sanachite zimenezi, Bambo Chisale, mumulimbikitse kuti akapeza mpata aimbire mayi ake ndi ankhoswe, anene yekha amene akusunga khadi la ku banki ndi ndalama zimene mayi ake azilandira. Mawu amenewa achoke pakamwa pake, osati panu kapena pa alamu anu.

Bambo Phiri, Monkey Bay:
Ndigwirizane nazo ndi mtima wonse, ndipo ndionjezere kuti inu Bambo Chisale musalole kusunga khadi kapena ndalama za mnzanu, ngakhale iye mwini atakupemphani. Ndaona maubwenzi a paubwana akutha chifukwa cha matumba a simenti. Msilikali amatumiza ndalama kwa mnzake kuti aziyang'anira amisiri, akabwera amapeza khoma silinafike pamene ankaganiza, ndipo mnzakeyo, ngakhale asanabe tambala, alibe umboni. Ngati pali ntchito yomanga, ndalama zidutse m'manja mwa alamu anu, inu muzingoperekeza kukagula zipangizo, ndipo chilichonse chilembedwe m'kope limene likhale m'nyumba mwawo. Mukamalankhula ndi mnzanuyo pa foni, musamutulire nkhani iliyonse ya pakhomo imene iye sangachitepo kanthu ali kumeneko. Munthu wonyamula mfuti ayenera kukhala ndi mutu umodzi. Koma matenda aakulu kapena maliro musamubisire, ndipo zotere zimadutsa kwa akuluakulu ake kuti amuuze moyenera.

Mayi Nagama, Chimwala:
Ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo nkhawa yanga ili pa mnyamata wa Sitandade 7 uja. Mwanayu wasintha sukulu pakati pa maphunziro, wasiya anzake a ku barakisi amene onse amadziwa tanthauzo la bambo kupita ku mishoni, ndipo wabwera pakati pa ana amene azimufunsa ngati bambo ake anaphapo munthu. Akuluakulu timakonda kuuza mwana wotere kuti, "Tsopano bambo wa pakhomo pano ndiwe," poganiza kuti tikumulimbitsa mtima, koma mwana wa msinkhu umenewu amawatenga mawuwo monga lamulo. Amayamba kujomba kuti akathandize kumunda, amadzuka usiku kukaona ngati chitseko chatsekedwa, ndipo m'kalasi amagona. Kuno kwathu kuli chiyeso china cha kunyanja, kumene mwana akakokako khoka tsiku limodzi n'kupatsidwa usipa wogulitsa, sukulu amayamba kuiona ngati yotaya nthawi. Chaka chamawa akulemba mayeso a Sitandade 8, choncho chaka chino si chosewera nacho. Bambo Chisale, apa ndi pamene inu monga mwamuna mungathandize popanda wina kukunenani. Pitani limodzi ndi alamu anu mukaonane ndi mphunzitsi wake kuti adziwe mmene zinthu zilili. Muzimuyang'anira makope, muzimutenga pamodzi ndi ana anu kukameta kapena kukaonera mpira, ndipo akafunsa ngati bambo ake angafe, musamunamize kuti kulibe nkhondo, chifukwa anzake amuuza kale. Muuzeni kuti ntchitoyo ndi yoopsa, kuti bambo ake anaphunzitsidwa bwino ndipo sali okha, komanso kuti chilichonse chimene chingachitike adzamva kwa mayi ake osati kwa ana a kusukulu.

Che Amidu, Namwera:
Abiti Jafali, mawu anu ndawalandira. Ine cholinga changa chinali chakuti njira ikonzedwe kuti anthu azipita momasuka. Ndionjezere kuti ngati alamuwo ali ndi gulu la amayi kumpingo kapena kumzikiti, akazi anu a Bambo Chisale awaperekeze tsiku loyamba, chifukwa munthu amene wakhala zaka ku Zomba amabwerera kwawo ngati mlendo, ndipo anzake akale amakhala atakwatiwa kutali.

Bambo Chisale, Mpondasi:
Zikomo kwambiri nonse. Dzulo masana ine ndi akazi anga tinapita, ndipo tinakhala pansi ndi mayi a alamu anga pamodzi ndi atsibweni awo. Atsibweniwo anati akanadabwa tikanapanda kubwera, popeza mnzangayo anawauza kale za ine. Akazi anga atakhala paokha ndi alamu, zinadziwika kuti chakudya chilipo chokwanira ndipo feteleza anagula kale, koma munda wa mayi awo sunagalauzidwe chifukwa aganyu akutchula mitengo yosayenera, monga momwe Mayi Nambewe ananenera. Pepala la padenga la khitchini linang'ambika ndi mphepo. Chimene chikuwasowetsa tulo kwenikweni ndi tsiku lochira, chifukwa alibe wowadikirira kuchipatala, ndiponso mnyamata uja, amene wayamba kukana kupita kusukulu Lolemba lililonse. Akazi anga avomera kudzawadikirira, ndipo ana adzagona kwathu masiku amenewo. Aganyu ndikambirana nawo ndine ngati munda ndi wanga, koma wolipira akhala alamu. Za mayi ake a mnzanga, Bambo Kalua, ali ku Katuli, ndipo alamu anena okha kuti akufuna mnyamatayo akawaone sukulu ikatsekera. Chimene chatsala ndi mayendedwe ausiku. Ine ndili ndi njinga yamoto yokha, ndipo sindikuona kuti ndi bwino kukweza mayi amene matenda ayamba pa njinga, makamaka mvula ikagwa njira ya kwawoko ikaterera.

Abiti Jafali, Malindi:
Pa njinga ayi, pokhapokha zitavutitsitsa. Akapita kusikelo ulendo ukubwerawu afunse anamwino ngati angakadikirire kuchipatala masiku akayandikira, chifukwa amayi okhala kovuta mayendedwe amaloledwa kutero. Ngati angasankhe kudikirira kunyumba, mupeze munthu wa galimoto wokhala pafupi, mugwirizane mtengo panopa, ndipo ndalama ya mafuta ikhale m'chikwama chomwe muli zitenje chija. Mutenge manambala a anthu awiri, chifukwa mmodzi akhoza kuzimitsa foni usiku.

Bambo Kalua, Mangochi Boma:
Ine ndili ndi galimoto, ndipo kuchokera kuno ku Boma kufika ku Mpondasi si patali. Bambo Chisale, mundilembere kumbali kuti Loweruka lino mudzandilondolere njira ya kwa alamu anu masana, ndiidziwe bwino ndisanadzaiyende usiku. Mundiuzenso mwezi umene anamwino anawauza, kuti masabata amenewo ndisadzapite kutali.